A Pakadi, Munthu wa Manda Awiri

Chaka chakwana chimwalirireni amalume anga a Sitifano, ndipo Loweruka lapitali tinapita kukalambula kumanda. Titafika, mchimwene wanga Gilibati anaima khasu lili paphewa, nkufunsa funso limene aliyense ankalizemba: "Tilambula ati?" Pajatu amalume ali ndi manda awiri. Ena ali kumunsi pafupi ndi mtengo wa m'bawa, akalekale, ophwa mpaka kufanana ndi nthaka. Ena ali kumtunda, dothi lake likadali lofiira. Akumtundawo ndi momwe mwagona munthu. M'manda akumunsiwo muli thunthu la nthochi limene linawola ine ndili kamtsikana. Tinangolambula onse.

Dzina loti Sitifano linkamveka kutchalitchi kokha. Kumsika wa Limbuli, pa siteji ya akabaza ku Muloza, ngakhale pakamwa pa ana asukulu, iwo anali a Pakadi. Alendo ankayesa kuti ndi dzina la ku Mozambiki. Ayi ndithu. Ndi mneni wa Chihebri, chilankhulo chimene Malembo akale analembedwamo, ndipo amalume anamutafuna mneni ameneyu mpaka anawamatirira ngati dzina la ubatizo.

Ukalakwitsa nkudutsa pakhonde pawo, basi wagwidwa. Ankasalaza dothi ndi phazi, nkutola kamtengo, nkuyamba kulemba kuchokera kumanja kupita kumanzere.

"Iwe Magireti, tabwera kuno. Zilembo zingati apa?"

"Zitatu, amalume. Munandionetsa kale."

"Ndinakuonetsa koma sunaone. Pe, kofu, daleti. Mneni wa Chihebri amakhala pa zilembo zitatu ngati mphika pa mafuwa. Timadontho tapansiti ntongothandiza pakamwa. Uyu ndi pakadi."

Ankati omasulira Malembo m'Chichewa anavutika naye mneni ameneyu, ndipo sankawaimba mlandu. Pena analemba kuti kuchezera, pena kukumbukira, pena kuwerenga asilikali, pena kulanga. Koma kwa amalume zonsezo zinali ntchito imodzi: kunyamuka wekha, ndi miyendo yako, kukaona mmene mnzako alili. Ukamupeza akuvutika umuthandiza, ukamupeza akuchita zoipa umudzudzula, koma choyamba wapita. Chitsanzo chawo chinali kapitawo wa ku esiteti ya tiyi, m'mawa akamaitana mayina a otchola masamba, akuyang'ana nkhope imodziimodzi.

Kenaka ankawonjezera chilembo kutsogolo. "Ndaika nuni. Pe uja wafewa, wamva? Tsopano ndi nifkadi. Ntchito yatembenuka, yagwera munthuyo. Anamuitana dzina, sanavomere. Anamufuna, malo ake anali opanda munthu."

"Ndiye kuti wafa."

"Ndani wati wafa? Wafa ndi mneni wina, iwe! Uyu ndi munthu woti palibe, ndipo alipo wina amene waima nkuona kuti palibe."

Panalinso hifkidi, kusungitsa chinthu m'manja mwa munthu, ndipo akafika pamenepo ankadzigunda pachifuwa. Iwo ndiwo anali mwini mbumba. Mlongo wawo, amene ndi amayi anga, ndi ife ana ake tonse tinali osungitsidwa kwa iwo, ndipo panalibe ukwati kapena maliro a kwathu amene akanayenda iwo asanavomere. Ankatinso Mhebri salabadira kwambiri za dzulo kapena mawa. Chimene amamufunsa mneni wake nchakuti ntchito yatha kapena ikadalipo. Pakadi, yatha. Yifkodi, sinathe. Ine ndinkangoti eee, eee, ndowa ya madzi ili pamutu, khosi likuwawa.

Chihebricho anachitola ku Zomba, kumene anapita kukaphunzira zaubusa ali wamkulu kale. Ubusawo sanaumalize. Iwo ankati anachoka okha, amayi ankati anawabweza chifukwa cha makani, ndipo ine ndimakhulupirira amayi. Anabwerako ndi chilankhulo chopanda wolankhula naye m'boma lonse la Mulanje, nkumachithira pa ife. Kutchalitchi anasiya kuwapatsa mpata wolalikira, poti ankatha kukakamira liwu limodzi mpaka ana kuyamba kulira njala.

Koma zimene ankalemba pansi ankazichitadi, ndipo apa ndi pamene ankatopetsa. Munthu akanena kuti wodwala timukumbukira m'mapemphero, amalume ankatsonya pagulu pomwepo, nkufunsa ngati miyendo yake yathyoka. Iwo ankapita. Ankafika osaitanidwa, ndodo m'manja, kolala yomanga mpaka pakhosi ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Ndipo sankangopereka moni. Ankasuzumira m'nkhokwe, ankafunsa mwana chifukwa chake sali kusukulu, ankamufunsa mwamuna maso ndi maso kuti diso la mkazi wake latupa bwanji. Azibambo ena akangomva kugogoda kwa ndodo ija ankatulukira khomo lakuseri. Ine ndemwe ndinabisalapo kubafa, sindikana. Koma mwana wanga woyamba atagonekedwa ku chipatala cha ku Boma, munthu woyamba kufika fumbi lili mbuu m'miyendo anali iwowo.

Chinanso, nthochi sankadya. Tangoganizani, ku Mulanje kuno! Yakupsa ayi, yophika ayi, chikondamoyo cha nthochi ayi. Ngakhale mthunzi wake sankakhalapo. Ana ankayesa kuti ndi za mankhwala, koma akuluakulu ankadziwa, ndipo sankaseka.

Nkhani yake ndi iyi. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki amalume anali mphunzitsi wa pulayimale, ali pachikamwini kumudzi wa tsidya la msewu. Anawoloka malire kukatenga azakhali awo okalamba amene anatsalira kuseri kwa Milange, ndipo sanabwereko. Anthu a mfuti anawagwira nkuwasandutsa wonyamula katundu. Kuno anadikira mvula inatha, inabweranso. Kenaka kunafika bambo wina wothawa nkhondo, amene analumbira kuti anaona mtembo wawo m'mbali mwa njira, ati anauzindikira ndi malaya. Akuluakulu anachita monga timachitira kuno munthu akafera kutali mtembo osaoneka. Amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'chovala chake, nkuliika m'manda ngati ndi mwini wakeyo, kuti maliro athe, anthu amete, wamasiye amusudzule azipita. Amayi anga ndiwo anatulutsa jekete la mchimwene wawo kuti akulungire nthochiyo.

Tsiku limene anabwera ndimaliona mpaka lero. Anali masana, amayi akupuntha nandolo pabwalo. Panjira panatulukira munthu wowonda ngati nsungwi, ndevu nyankhalala, atavala chiguduli, nkunena kuti, "Odi kuno, achemwali." Amayi anakuwa mfuu yoti sindinaimvenso. Anthu anabalalika, ena kulowa m'chimanga. Azibambo olimba mtima anayamba kuwawaza phulusa ndi dothi kuti ngati ndi mzukwa uzimiririke. Amalume anangoima pomwepo, phulusa lili mbuu m'mutu, akutchula mayina athu mmodzimmodzi kuti tiwakhulupirire. Langa analitchula kawiri, poti ndinali nditabisala kuseri kwa mtondo.

Sanawalole kulowa m'nyumba mpaka atawasambitsa mankhwala kudambo. Atachira pang'ono anapita kwa mkazi wawo. Anakapeza kuti anasudzulidwa kalekale, anakwatiwa, mwana ali kumsana. Akuti amalume anakhala pamphasa, anapatsana moni ndi mwamuna watsopanoyo, anamwa madzi amene anapatsidwa, nkutsanzika bwinobwino. Sanakwatirenso. Atabwerako anapempha kuti akawaonetse manda awo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo funso lokha limene anafunsa linali lakuti jekete lake linali lakuda lija kodi.

Zaka zonse zotsatira sanaitchulenso nkhaniyi, ndipo ife tinkayesa kuti inatha. Inadzadzuka chaka cha napolo.

Mng'ono wanga Felesiya anamanga chakumtunda, pafupi ndi kamtsinje kotsika m'phiri, iye ndi mwamuna wake Lusiyano amene anabwera pachikamwini. Mvula ya namondwe ija itagwa masiku angapo osakata, Lusiyano anatenga ana awo awiri kupita nawo kusukulu kumene anthu ankathawira. Felesiya anati akubwera, angomasula mbuzi. Phiri linang'ambika masanasana. Amene anaona akuti kunali kulindima, kenaka matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Pamene panali nyumba ya Felesiya lero pali miyala yoyera yokhayokha, ngakhale njerwa imodzi simungaitole. Anthu anakumba, anafufuza. Okokoledwa ena anapezeka m'munsi mwa mtsinje wa Muloza, ena kutali ku Ruo, ena mpaka tsidya la ku Mozambiki. Felesiya sanapezeke.

Ofufuza atasiya, amalume ndi pamene anayamba. Munthu wa imvi mbuu, bondo lovuta, anayamba kutsata mtsinje, lero tsidya lino, mawa tsidya linalo. Ankakwera kabaza mpaka pothera njira, kwinako wapansi. Ankalowa m'midzi ya eni ake kufunsa m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi chawo chothyokathyoka ngati madzi anasiyako mzimayi, wamoyo kapena ayi. Anaonetsedwa manda a anthu osadziwika, anafotokozeredwa nkhope, zipsera, mano. Ankabwerako miyendo itatupa nkungoti si ameneyo.

Mabanja ena a m'mudzi amene anataya anthu anagwirizana zoika nthochi. Amayi anapita kwa amalume ine ndili pomwepo. Anakhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, nkunena mofatsa.

"Achimwene, ndiloleni ndimuike mwana wanga. Ndipeze poti ndizikalira."

"Muika chiyani, achemwali? Mwamuona?"

"Madzi amene ananyamula miyala ija angasiye munthu?"

Amalume anatola kamtengo, nkuyamba kusalaza dothi ndi phazi. Aaa, ine mtima unangoti phwii! Nthawi ngati imeneyo? Anayamba zoti Felesiya ndi nifkadi, woti tamuitana sanavomere, ndipo ntchito yathu sinathe. Amayi anadzuka nkufafaniza zilembo zija ndi chidendene.

"Mwana wanga si mneni! Ndinachita kumubereka ine, ndi magazi. Chizungu chanu cha Ayudacho mukauze a ku Zomba."

"Inenso munandisandutsa nthochi," amalume anatero, mawu ali pansipansi. "Tsiku limene munakwirira jekete langa ndi tsiku limene munasiya kundifuna. Ndinali pafupi pomwepa, kuseri kwa phiri la ku Milange, thumba lili pamutu. Utsi wa ku fakitale ya tiyi ndinkauona. Ndinkadziuza kuti achemwali akufunsa anthu. Kani munali mutameta kale."

"Tikanatani? Kunali mfuti! Ndikanawoloka ine ndi ana kumsana?"

"Mukanangosiya osakwirira."

Amayi analira, amalume anayang'ana kumbali, ndipo anasiyana osagwirizana. Ine mpaka lero sindidziwa kuti wolakwa anali ndani pakhonde paja.

Ndiye amayi anachita zawo. Anadikira amalume atawoloka malire, poti ankatha kukagonera komweko, nkuitana Gilibati ndi alamu athu a Lusiyano. Anauza adzukulu okumba manda kuti mwini mbumba wavomera. Bokosi linakhomedwa, nthochi inadulidwa kuseri kwa nyumba ya amayi. Anaikulunga m'chitenje cha maluwa achikasu, chofanana ndendende ndi chimene Felesiya anavala tsiku la napolo, poti anagula ziwiri pamodzi ndi amayi. Tinaimba, tinalira, ndipo kulirako kunali kwenikweni, musayese kuti munthu sangalirire nthochi. Tinanyamula bokosi mpaka kumanda. Adzukulu anali atayala kale zingwe pamene tinamva belu la njinga.

Sindidziwa amene anakawatsina khutu. Amalume anatsika pa kabaza, matope mpaka m'mawondo, nkudutsa pakati pa anthu osapereka moni, chinthu chimene sanachitepo. Nyimbo inazima yokha. Anafika pa dzenje, anaika ndodo pansi, anakhala m'mphepete, nkutsetsereka kulowa m'mandamo. Azimayi anakuwa. Iwo anaima m'menemo, mutu wokha ukuoneka, akupuma movutikira.

"Adzukulu, mukufuna munthu m'dzenje muno? Ndi uyu ndabwera. Kwirirani. Ine ndinazolowera."

Palibe anasuntha. Mkulu wa adzukulu anayang'ana amayi nkufunsa kuti, "Mayi, si paja munati avomera?" Alamu a Lusiyano anagwada m'mphepete mwa dzenje akulira ngati mwana, akuti amalume chonde, amalume tichitireni chisoni. Abusa anayesa kuwanyengerera, koma amalume anangowafunsa ngati anawerengapo pena pake pamene Mulungu anapempha kuti amunamize ndi mtengo. Dzuwa linatentha, anthu anayamba kukhala pansi.

Mapeto ake mkulu wa adzukulu ananena kuti popanda mawu a mwini mbumba iwo saika maliro, komanso dzenje lokumbidwa siligona lopanda kanthu, limaitana munthu wina. Amalume anati zimenezo akuzidziwa. Anthu anawatulutsa m'dzenjemo powakoka manja. Amalume anatsegula bokosi okha, anthu akuona, anamasula chitenje chija mosamala, anachipinda nkuchiika m'khwapa. Chimene chinatsala m'bokosi chinali thunthu lobiriwira, likudontha madzi podulidwa paja.

"Iyi ndi nthochi," anatero. "Ikwirireni ngati nthochi. Dzina la mwana wa mlongo wanga lisatchulidwe pano."

Anaigubuduzira m'dzenje yopanda nsalu, yopanda nyimbo, nkukwirira. Bokosi linabwerera kumudzi lopanda kanthu, anyamata atalinyamula mozondotsa. Ndinawada amalume tsiku limenelo. Ndikunena poyera, ndinawada ndi mtima wanga wonse, ndipo ndikanakhala mwamuna bwenzi nditawasiya m'dzenje momwemo.

Amayi sanawalankhulenso mpaka imfa. Posowa manda, ankapita kukakhala pa miyala yoyera ija, pamene ankaganiza kuti panali khomo la Felesiya, nkumalankhula okha. Ankabwerako mapazi atang'ambika. Anayamba kuonda, magazi anayamba kuthamanga, kenaka mbali imodzi inafa. Amalume ankabwera tsiku ndi tsiku monga mwa chizolowezi chawo, koma amayi analetsa kuti asalowe. Ndiye ankakhala panja pa chitsa, chipewa chili pabondo, nkumandifunsa ine ndikatuluka ndi beseni.

"Adya?"

"Pang'ono."

"Anditchula?"

"Ayi, amalume."

Ankagwedeza mutu, nkukhalabe mpaka dzuwa litapendeka. Tsiku lina amayi anamva kutsokomola kwawo nkundiuza ndi pakamwa pokhota paja kuti, "Uwauze a Pakadi azipita akafune. Akhalira chiyani pano?" Ndinakawauza momwemo, poti mkwiyo unali usanandithere. Anadzuka, anavala chipewa, nkupitadi ku Muloza. Amayi anamwalira iwo ali komweko.

Pamaliro a amayi amalume sanalankhule zambiri. Tisanatseke bokosi anatulutsa chitenje chachikasu chija, anachiluma m'mphepete, nkuching'amba pakati. Theka analiyala pachifuwa pa mlongo wawo. Theka linalo analibwezera m'thumba la malaya. Anthu ena anati apepesa, ena anati awonjeza chipongwe. Ine ndinayang'ana kumbali.

Amene anatsala pamoto ndi alamu a Lusiyano. Munthu sangasudzulidwe maliro asanachitike, ndiye anangokhala pamudzi pathu, m'kanyumba ka malata a chithandizo, akulima munda wa mkazi amene palibe. Kwawo sakanapita, kukwatira sakanakwatira. Anayamba kachasu, munthu woti kale ngakhale thobwa lowawasa ankalikana. Tsiku lina anawatsekera njira amalume pa chigayo, anthu ali pamzere.

"Amalume, tandiuzani, ine ndine ndani? Mkazi ndilibe. Wamasiye sindine. Ndine chiyani pamudzi panu pano?"

"Ndinu mwamuna wa Felesiya."

"Felesiya sabwera!"

"Inenso ankatero."

"Inu munagwidwa ndi anthu, amalume. Anthu amatopa, amamasula. Matope samasula munthu!"

Amalume ananena kuti Felesiya akabwera asadzapeze wina atakhala pamphasa pake, poti iwo akudziwa kulawa kwa madzi amene amakupatsa pakhomo loterolo. Anazungulira a Lusiyano nkumapita. Pamzere paja panalibe amene anaseka.

Bondo litakanika kuyenda maulendo ataliatali, anapeza njira ina. Pa Muloza, chakufupi ndi mlatho, pali mwala wafulati pansi pa mtengo wa mango, pomwe amadutsa onse ochokera tsidya lija ndi chimanga, nyemba ndi nsomba zouma. Tsiku la msika lililonse amalume ankakhala pamenepo, kansalu kachikasu kali pabondo. Aliyense wowoloka ankamuimitsa. Mwachokera kuti? Kwanuko madzi aja sanasiyeko mzimayi wovala nsalu yotere, wa mpata m'mano, wachipsera pachigongono? Osintha ndalama ankawaseka, akabaza ankawatchula kuti a imigireshoni achiwiri. Koma amalonda anawazolowera, ndipo ena anayamba kumawabweretsera nkhani. Kwakutikwakuti kuli mzimayi wosokonezeka mutu amene anatoledwa m'bango. Kwakutikwakuti kuli wina wosalankhula. Amalume ankapita, ulendo uliwonse ankapita, ndipo ulendo uliwonse anali mwana wa eni ake. Mmodzi mwa amenewo anamuperekeza okha mpaka kwawo ku Phalombe, kumene abale ake anali atameta kale.

Ulendo womaliza anabwerako atanyowa ndi chiperoni, akutsokomola. Chinali chibayo. Tinawatengera ku Boma, koma thupi linali litatha kale. Ali pabedi anandiitana kuti ndibwere pafupi, anatenga dzanja langa nkuyamba kulemba m'chikhatho ndi chala, kuchokera kumanja. Sindinawaletse. Kenaka anatembenukira kwa Gilibati, amene ankayenera kulowa m'malo mwawo.

"Tsiku la msika upite pamwala paja."

"Ndipita, amalume."

"Usamangokhala. Uzifunsa."

"Ndamva, amalume."

Anamwalira m'mawa mwake, anamwino akusintha zofunda. Anali atanenapo kale kuti adzawaike m'manda awo akale, pamodzi ndi jekete lawo, koma adzukulu anakana kuti manda sawafukula. Ndiye anawakumbira ena kumtunda.

Gilibati pamwala paja sanapiteko, ndipo palibe anamukumbutsa. Titangometa maliro a amalume, iye monga mwini mbumba watsopano anaitanitsa abale, ndipo nkhani sinatenge nthawi. Tinadula nthochi ina, tinaikulunga m'theka la chitenje limene tinalipeza m'thumba la malaya awo, ndipo tinamuika Felesiya pambali pa amayi, ndi nyimbo, ndi dzina lake pamtanda. Nsaluyo inali yaing'ono, yoperepeseka chifukwa chogwiridwagwiridwa, moti sinakwane kuzungulira thunthu lonse. Alamu a Lusiyano tinawasudzula bwinobwino. Anasiya mowa, anakwatira kwawo, ndipo ana ndikulera ndine. Ndisaname, mtima wanga unakhala pansi. Ndinalira mokwana, ndinayamba kugona tulo, ndipo ana ali ndi poti nkuloza kuti amayi athu ali apa. Zimene amayi anga ankapempha zinali zoona, ndipo zimandiwawa kuti sanazione.

Koma dzulo ndinapita ku Muloza kukagula nyemba. Ndikudutsa pafupi ndi mlatho, mzimayi wina wa tsidya lija, beseni la nsomba lili pamutu, anandigwira mkono. Ankandidziwa, poti nthawi zina ndinkawapititsira amalume madzi akumwa.

"Mana, madala uja wa kansalu ali kuti? Ndabwera kangapo osamupeza."

Ndinamuuza kuti anamwalira, chaka chatha.

"Ayi! Pepani." Anatula beseni pansi. "Ine ndinali ndi nkhani yake. Kumunsi kwa Ruo, kumudzi kwa apongozi anga, kuli mzimayi wina. Mutu wake suyenda bwino. Chipwitikizi sadziwa, dzina lake sadziwa, amangoti kwawo ndi kuphiri. Mano sindinamuyang'ane."

Nkhani zoterezi zinabwera kambirimbiri, ndipo zonse zinali za ana a eni ake. Ndinamuuza kuti munthu amene ankafunidwa uja tinaika maliro ake, manda alipo, pamtanda pali dzina.

"Munamupeza?"

"Ayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasenza beseni lake, nalikonza bwino pankhata.

"Nanga ndiuze ndani?"

Sanadikire yankho. Analowa m'chigulu cha anthu ndi njinga, ine nkutsala nditaima ndi thumba langa la nyemba, ndikuyang'ana pansi pa mtengo wa mango. Mwala uja ulipobe. Pamwamba pake mpotelera, poperepeseka ndi thalauza la amalume, ndipo patsogolo pake dothi ndi losalala, lolimba, pamene ankapalasa ndi phazi akafuna kulemba. Anthu ochokera tsidya lija ankadutsa ndi katundu wawo, mmodzi pambuyo pa mnzake, popanda wowaimitsa. Pamwalapo panalibe munthu. Panali makoko a nthochi okha, amene wina anadya nkusiya pomwepo.